Mbale ya kwa Doris

Germiston, Joni
12 Marichi 2023

Atate ake a Thecla,

Moni wanga ndi uyu, ngati mukali ndi malo omuikapo. Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikugwira ntchito. Kaya inu ndi msana wanu uja? Mupereke moni kwa onse a ku Kavalamanja, kupatula mmodzi amene ndimutchule pansipa.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanu si yanu. Mawu amene ndinatumiza mwezi watha anamvedwa ndi doko lonse, mpaka a Terence oyandikana nafe kumandiyankha ine pa nkhani ya denga langa. Kalatayi ndapatsa Arlete, uja amagula zovala kuno n'kumagulitsa pa boma. Zolemba zanga ndi za Giredi 3, pamene pakhota muwongole nokha.

Arlete yemweyo ndiye wandiuza za mbale. Akuti pali mbale yoyera ya maluwa ofiira, yovindikira ndi kansalu, imatuluka kwa Doris, mkazi wa malemu a Dismas, dzuwa likapendeka, n'kulowa pakhomo panga. Akutinso imabwerera ndi nsomba ziwiri za pende. Mwambo ndikuudziwa, mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu. Koma mwambo sunanene kuti tsiku lililonse. Ine ndaphika pakhomopo zaka makumi anayi ndi chimodzi, sindinalandirepo pende wosankhidwa. Zanga zinali zotsala pa malonda, zija ntchentche zayamba kale kuziyendera.

Za kuno. Nkhalamba imene ndimaisamala, timaitchula Oupa, ikadali momwemo, mbali imodzi yakufa, pakamwa pokhota. Mwana wake, madamu, amapita kuntchito m'mawa, ine n'kutsala ndi uvuni tsiku lonse. Azunguwa chakudya chawo amachibisa. Nyama yogaya pansi, mbatatesi yosinja pamwamba, n'kutsekera mu uvuni ola lathunthu ngati chalakwa. Koma chikatuluka, ndisaname, fungo lake limakukhazika pansi. Palinso keke yofewa imene amati malava. Ikangotuluka umaithira manyuchi a shuga ndi batala ali owira, imamwa onse ngati dimba la mu Okutobala. Oupa akaiona imeneyo, diso lamoyo lija limaseka. Lachinayi manyuchiwo anandidonthera pa phazi. Kachilonda kang'ono, si nkhani.

Zinthu zadula mwandi. Tomato anayi kuno ndi mtengo wa nkhuku ya kwathu, ndipo alibe kukoma, madzi okhaokha. M'chikwama muli mafuta ophikira a saladi, shuga ndi mankhwala opaka msana. Ndalama ya malata atatu ili mu sokosi. Ndati malata, osati maukonde. Ndipo muziphika nokha. Munthu amene amasoka ukonde wautali ngati msewu sangakanike nyemba.

Ndine mkazi wanu wa ku tchalitchi,
Genoveva

30 Epulo 2023

Atate ake a Thecla,

Kalata yanu ndalandira, mizere isanu. Ndawerenga kawiri kufuna moni wanga, sindinamupeze, kaya anagwa m'basi pa Chirundu. Ine ndili bwino. Ndamva kuti msana wachepa, ndathokoza Mulungu ndi mankhwala anga.

Mukuti nyemba munayesa, munapsereza poto, utsi mpaka kuitana anthu poganiza kuti nyumba yapsa. Mukutinso Doris ndi mlongo wa mumpingo, akungochita chifundo. Nanga chifundocho bwanji sichipita kwa a Terence, amene akazi awo anamwalira kalekale ndipo alibe ndi mano omwe? Chifundo chimenechi chimadziwa khomo limene lili ndi malata atsopano.

Komanso mukudya chiyani kwenikweni? Doris ndimamudziwa pa moto. Chaka cha ubatizo wa mdzukulu wathu Karen tinamupatsa nsomba kuti aphike. Msuzi unachuluka mpaka a katekisiti anati tivindikire msanga, nsombazi zingabwerere ku Zambezi. Anthu anadya ndi supuni ngati odwala. Lero ndiye mukunyambita zala?

Mverani. Nyemba muviike chamadzulo, m'mawa mutaye madziwo, muike ena. Moto wa chikuni chimodzi. Musachokepo kupita ku doko kukaona mwadiya wanu, bwato silithawa. Zikafewa, anyezi, tomato, saladi supuni ziwiri. Basi. Pokanika ndi pati?

Ine kuno ndimaphika zamafuta, za tchizi, za mazira asanu ndi limodzi poto imodzi, alendo a madamu mpaka kubwera kukhitchini kudzandigwira dzanja. Akapita ndimadya zotsala nditaimirira pa sinki. Mukanadziwa mmene ndikufunira nkhwani wotendera wa m'dimba lathu, wothyola mame asanaume. Ku shopu amagulitsa sipinachi wa m'pulasitiki, masamba opanda mwini. Masau akapsa munditumizire ouma, ngakhale kathumba kamodzi.

Mbaleyo muibweze yopanda kanthu kamodzi kokha. Adzamva.

Mkazi wanu,
Genoveva

9 Julayi 2023

A Everisto,

Moni. Kuno kukuzizira, madzi a m'paipi akuuma m'mawa. Za umoyo wanu sindifunsa, ndamva kuti mwanenepa.

Arlete akuti mbale yaleka kuyenda. Nditamva ndinati Ambuye atamandike. Iye anayang'ana pansi, n'kunena kuti utsi ukutuluka m'khitchini mwanga kawiri pa tsiku. Mbale ikaleka kuyenda ndiye kuti mwini wake wasamuka. Mafuwa aja ndinawasenza ndekha kuchokera kuphiri ndili ndi mimba ya Thecla. Miphika ija ndi ya amayi anga, anawoloka nayo kuchokera ku Zumbo nthawi ya nkhondo, atasiya zina zonse. Mwalola mkazi wina kukhalapo?

Masau afika. Osankhidwa bwino, opanda ndi kamwala komwe, thumba losokedwa ndi ulusi wofiira, msoko wa munthu wamkazi. Inu kusoka kwanu ndi kwa ukonde. Ndinawaponya mu bini. Kenaka ndinawatola. Ndinadya asanu nditakhala pa bedi ndikutukwana, ena ndinaviika, ndinasefa, ndinasakaniza ndi kasitadi. Oupa anamaliza mbale, madamu akufunsa kuti chipatsochi chimagulidwa shopu iti.

Mukuti ngati zikundiwawa ndibwere. Ndikanakwera basi ya mawa. Koma masiku a m'pasipoti yanga mukudziwa mmene alili, ndipo mumsewu mwathu mwayamba kuyenda anthu ofunsa alendo mapepala. Madamu akuti ndisatuluke pa geti. Masabata atatu manje ndi ku Misa komwe sindinapite. Nsapato yakumanja yayambanso kuthina, ndikuvala silipasi ya Oupa. Zimenezo zisiyeni.

Mwezi uno sindinatumize kanthu. Akudyetseni wachifundoyo.

Genoveva

20 Ogasiti 2023

Mwana wanga Thecla,

Moni kwa iwe, kwa amuna ako ndi kwa zidzukulu zanga. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Foni yako ya Lachitatu inaduka usanamalize, koma ndinamva zokwanira. Atate ako agwa pa doko akukoka mwadiya, dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira, mawu sakutuluka, ali ku chipatala ku Katondwe. Ndinali ndi pudini ya buledi mu uvuni. Ndinaimva ikupserera, ndinangokhala. Madamu anapeza utsi nyumba yonse, anafuna kukalipa, ataona nkhope yanga anazimitsa yekha uvuni n'kundipangira tiyi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pano, aka n'koyamba. Tiyi wake anali woipa, koma ndinamwa.

Matenda amenewa ndimawadziwa kuposa pemphero la Atate Athu. Ndi omwewa a Oupa. Zaka zonsezi ndakhala ndikupukuta pakamwa pa bambo wa eni ake, lero wanga wagwa ine ndili kuno.

Undichitire chinthu chimodzi. Kalata yanga ya mu Julayi uifunefune m'nyumbamo. Ngati ili yosatsegula, uiotche. Ngati anatsegula, usandiuze.

Wati amene anapeza motoka ndi kuwaperekeza ndi Doris, ndipo anagona pansi pafupi ndi bedi masiku atatu iwe usanafike kuchokera ku Mburuma. Chabwino. Chitenje cha buluu chili m'chikwama ndatumizachi umupatse, umuthokoze pamaso pa anthu. Ukatero umuuze kuti mwana wa mwini nyumba wafika, akapume kwawo.

Ya mankhwala ndi ya mayendedwe ndatumiza pa foni ya amuna ako. Akatuluka uziwadyetsa wekha. Kudyetsa munthu wotere kuli ndi njira yake, ndidzakuphunzitsa pa foni netiweki ikagwira, ukwere pachulu chija.

Mayi ako,
Genoveva

8 Okutobala 2023

Thecla,

Moni kwa onse. Ndamva kuti atate ako ali kunyumba, akudya mmene ndinakuphunzitsira, ndipo anatchula dzina la galu. Dzina la galu, osati langa, komabe ndi mawu.

Kalata yako yandilasa. Ukuti ndikulamula khitchini ndili kutali ngati wailesi. Ukuti amuna ako akufuna ubwerere mvula isanagwe, munda sunasoswe, ana akudya kwa apongozi. Ukuti ndibwere ineyo, mkazi wawo. Ukuganiza kuti sindinaganize? Ndikatuluka pa Beitbridge andimenya chidindo choti ndisabwerenso. Ndiye mankhwala a atate ako adzagula ndani, Karen adzapita bwanji kusukulu? Komanso basi ndi masiku awiri phazi lili pansi, ndipo phazi limeneli silikufuna pansi masiku ano. Nesi amene amabwera kudzaona Oupa analiona, anagwira pakamwa. Akuti ndi shuga, ndipite ku chipatala. Ine ndikuopa kufunsidwa mapepala. Ndikuthowa ndi madzi a mchere. Atate ako usawauze.

Taona nthabwala ya Mulungu, wophika mapudini a nyumba yonse amuletsa shuga. Manje ndimaphika ndi mphuno chabe, osalawa. Dzulo ndinapanga keke ya mkaka ya alendo asanu ndi atatu, ine ndinadya nkhaka.

Za Doris, awe. Ukuti amabwera m'mawa uliwonse kudzaima pa mpanda kufunsa mmene agonera. Aime pomwepo. Mwamuna wodwala mkazi wake ndi amene wagwira supuni, tchalitchi chinene zimene chinene. Ukamapita ku Mburuma utseke khitchini ndi loko ndatumizayi, kiyi upite nayo. Chakudya chizichokera kwa a Tenson, mng'ono wawo wa atate ako. Akazi awo aziphika, ndi abale, ndi udindo wawo. Doris umuuze kuti mawuwa ndi anga.

Usandikwiyire. Ukadzafika zaka zanga udzamva.

Mayi ako

26 Novembala 2023

Thecla mwana wanga,

Moni wanga kaya umulandira. Ndili moyo. Ndinali kwina masiku khumi ndi awiri. Madamu ananditenga yekha pa motoka, analankhula yekha ndi a pa windo. Ndabwerako. Zambiri ndidzanena tsiku lina.

Arlete anandipeza dzulo ndipo sanandinyengerere. Akuti iwe unachita zonse mmene ndinanenera, loko, kiyi, mawu kwa Doris. Akuti akazi a Tenson ankabwera ndi nsima ndi nsomba yowamba kamodzi pa tsiku, kuika pa mpando pafupi ndi mphasa, n'kuthamangira kudimba kukaingitsa anyani. Munthu wa dzanja limodzi, wovutika kumeza. Akuti amene ananenepa ndi galu. Masiku asanu. La chisanu ndi chimodzi Doris analowa pa mpanda osapempha munthu, mbaula yake ili pamutu. Manje akuphikira pansi pa mtengo wa mango chifukwa khitchini ndi yotseka. Mvula ikagwa amafunda pulasitiki.

Ndinafunsa kuti amawadyetsa bwanji. Akuti amawagoneka chagada, mutu pa miyendo yake, n'kumawathira phala lamadzi pang'onopang'ono ngati khanda. Akuti amatsokomola mpaka misozi, ndipo masiku ano thupi likutentha, pachifuwa pakulira.

Thecla, sunamuuze? Zonse zija ndinakuphunzitsa uli pachulu? Ayi, usayankhe. Ukanamuuza bwanji, ine nditanena kuti aime pa mpanda.

Phala limenelo likupita m'mapapo. Ya motoka ndatumiza. Uimbire a Tenson apite nawo ku Katondwe sabata ino, asadikire Lamulungu. Iwe bzala munda wako. Sindikukukalipira.

Mayi ako

27 Novembala 2023

Amake Bornface,

Moni. Ndine Genoveva. Mwadabwa, a Doris, inenso ndadabwa. Ndamva kuti muli bwino kupatula chimfine chimene mwatola pansi pa mango wanga. Ine ndili pa mpando, mwendo pa mpando wina. Zala ziwiri za kuphazi anazichotsa, ndipo adokotala akuyang'ana chachitatu ndi diso limene sindinalikonde. Thecla sakudziwa. Inu ndinu woyamba kumva, kaya chifukwa chiyani.

Sindinalembe kuti tikondane. Ndalemba chifukwa kadyetsedwe kanu kakuwapha, ndipo wolakwa ndine.

Loko ija muthyole. A Tenson ali ndi hamala. Akafunsa muwaonetse kalata ino.

Manje mverani bwino. Inu munafika Giredi 7, muwerenge kawiri. Akabwera kuchokera ku chipatala musawagonekenso podya. Akhale tsonga, msana ku chipupa, mtsamiro mbali yakufayo, chibwano chiweramire pachifuwa. Zamadzi ndiye mdani, zimathamangira kukhosi iwo asanakonzeke. Chakudya chikhale choti mukapendeketsa supuni chikuganiza kaye chisanagwe. Ndi madzi akumwa omwe muzisungunuliramo ufa wa malambe mpaka alemere. Supuni yaing'ono ya tiyi, kuika mbali yamoyo, n'kudikira. Muziyang'ana pakhosi, pakakwera n'kutsika ndiye mupereke ina. Musawalankhulitse ali ndi chakudya mkamwa, ngakhale ndikudziwa kuti kwa inu kukhala chete ndi ntchito. Akamaliza mupise chala m'tsaya, mumabisala zotsala. Akhalebe tsonga mpaka mutatsuka mbale zonse.

Nsomba ikhale pende wamuwisi. Muwiritse, muchotse minga ndi zala, mubwerezenso ngati mukufunafuna singano yotayika. Musinje, musakanize ndi mbatata ya kandolo yophika ndi nsinjiro zosefa. Muike mu poto yaing'ono, muvindikire, malasha ochepa pansi, ambiri pa chivindikiro, mpaka pamwamba pafiire. Pofiirapo mudye inu, iwo muwapatse zam'kati.

Tsiku limene adzakane zonse, ndipo lidzafika, musalimbane nawo. Mazira awiri, kapu imodzi ya mkaka wowiritsa, shuga supuni ziwiri, mumenye pamodzi. Muthire mu kambale kachitsulo, kambaleko mukhazike mu poto muli madzi pang'ono, muvindikire, malasha pamwamba. Madzi asabwadamuke, azingonong'ona. Mukagwedeza n'kuona kuti chikunjenjemera koma osatayika, chapsa. Chizizire kaye. Mango wakupsa mufinyire pa sefa, muthire pamwamba. Nkhalamba ya kuno inakana chakudya sabata yathunthu chaka chatha, ichi ndicho chinaibweza.

Mchere muchepetse. Izi ndakhala ndikufuna kukuuzani zaka makumi awiri.

Sadzakuthokozani. Ine sanandithokozepo, ankangokankhira mbale kutsogolo kuti ndionjezere. Mukaona akankha ndi dzanja lamanzere lija, ndiye kuti mwakhoza. Powapukuta pakamwa muziuza anthu apite kaye, ndi munthu wamanyazi. Mvula ikakutsekerezani musabwerere kwanu, mphasa yatsopano ili pamwamba pa kabati. A ku Kavalamanja alankhule, woyamba kulankhula ndinali ine.

Chomaliza. Akakufunsani ndi maso kuti zimenezi mwaphunzira kuti, munene kuti mwaganiza nokha. Dzina langa musatchule. Amandidziwa aja. Akamva kuti Genoveva wapereka khitchini yake, adzadziwa kuti sindikubwera.

Genoveva